GPS ikuti mwafika koma cache sikuoneka: muyambire pati?

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa anthu amene angoyamba kumene geocaching, masewera osaka ndi GPS bokosi lobisidwa lotchedwa cache limene mumakhala kabuku kosainamo, ndi limodzimodzi. Muvi wa pa GPS wawafikitsa pamalo, mtunda wotsala watsika mpaka mamita 2, mwinanso 0, koma pansi palibe kanthu. Akasuntha pang'ono muvi ukutembenuka kuti abwerere. Akabwerera ukuloza kumanzere. Pakutha theka la ola udzu wonse wagona ndi mapazi awo, ndipo ayamba kuganiza kuti mwina makinawo ndi akufa, kapena wina anaba bokosi.

Nthawi zambiri makina amakhala ali bwinobwino, bokosi nalonso lili pomwe analisiya mwini wake. Chimavuta n'chakuti timayembekezera GPS kugwira ntchito imene siingathe. Masewerawa anayamba pa 3 May 2000, pamene Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda m'tchire la ku Beavercreek, ku Oregon m'dziko la America, n'kulengeza manambala a malowo pa intaneti. Dzulo lake boma la America linali litangosiya kusokoneza dala mauthenga a GPS opita kwa anthu wamba, ndipo isanafike nthawiyo makina ankatha kuphonya ndi mamita 100. Kuphonyako kunachepa kwambiri koma sikunathe. Ngakhale pamtetete, kumwamba kukuoneka konse, GPS yam'manja imaphonyabe ndi mamita 3 mpaka 5. Komanso makina ophonya ndi awiri: anuwo, ndi a munthu amene anabisa cache ija, mwina zaka zisanu zapitazo, mwina ndi foni, mwina ali pachangu. Anu akakutayirani mamita 5 kum'mawa pamene ake anamutayira mamita 5 kumadzulo, ndiye kuti pamene pakuoneka 0 pali mamita 10 kuchoka pa bokosi, koma palibe amene walakwa.

Musanayambe kudinadina mabatani, dzifunseni kaye kuti mukuoneka kuti mwasemphana ndi malowo ndi mtunda wotani. Mtundawo ndi umene ukuuzeni kumene kuli vuto.

Mukasemphana ndi makilomita kapena mamita mazanamazana

Apa musatsutse masatelaiti. Vuto lili m'manambala amene alowa m'makina, makamaka ngati munawalowetsa nokha ndi zala.

Yambani ndi chilembo. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse ali kummwera kwa equator komanso kum'mawa kwa mzere wa Greenwich, poyambira kuwerenga madigiri a kum'mawa ndi kumadzulo, choncho manambala athu amayamba ndi S ndi E. Blantyre ali cha pa S 15° 47, E 035° 00. Mukasiya N m'malo mwa S, muvi ukulozerani ku Sudan, makilomita oposa 3,000, ndipo zimenezo mumazitulukira msanga. Amene muli ku London chenjerani kwambiri, chifukwa mzere wa Greenwich umadutsa mumzinda momwemo. Ma cache ena ali pa E 000, ena pa W 000, ndipo mukasinthanitsa zilembozo mtunda umene GPS ikupatseni umaoneka womveka ndithu, moti mutha kuyenda mpaka kukafika pamalo olakwika osakayika chilichonse.

Chachiwiri, ndiponso chimene chimagwetsa ambiri, ndi kalembedwe ka manambala. Pa geocaching.com amalemba madigiri, maminiti ndi tizigawo ta miniti, mwachitsanzo S 15° 47.500. GPS yanu ikhoza kukhala itatcheredwa pa madigiri, maminiti ndi masekondi. Munthu akaona 47.500 amangolowetsa maminiti 47 ndi masekondi 50. Koma .500 ndi theka la miniti, kutanthauza masekondi 30. Wawonjezera masekondi 20, ndipo popeza miniti imodzi kupita kumpoto kapena kummwera ndi mamita 1,852, wadzitaya yekha ndi mamita oposa 600. Pa makina a Garmin lowani pa Setup, kenako Position Format, musankhe hddd°mm.mmm. Dziwaninso kulemera kwa nambala iliyonse: yotsiriza ija ikalakwika ndi 1, mwaphonya pafupifupi mamita awiri okha, koma yoyamba pambuyo pa kadontho ikalakwika ndi 1, ndi mamita 185.

Pamalo omwewo pali Map Datum, kutanthauza maziko amene manambala a malo amawerengedwerapo. Iyenera kukhala WGS 84, osati china. Mapu akale a boma ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anajambulidwa pa Arc 1950, a ku South Africa pa Cape, a ku Britain pa OSGB36. Ngati GPS yanu munabwereka kapena kugula kwa munthu woyeza malo, wa zankhalango kapena wa zamigodi, n'kutheka kuti anaisiya pa datum yogwirizana ndi mapu ake. Kwathu kuno kusiyana kwa Arc 1950 ndi WGS 84 kumaposa mamita 100. Chizindikiro chake n'chakuti cache iliyonse mukuiphonya mbali imodzimodzi ndi mtunda wofanana. Mukakonza datum, manambala amene munalowetsa kale aja muwafufute n'kulowetsanso, chifukwa makina anawasunga atawatembenuza kale. Amene mumaika ma cache kudzera pa fayilo ya GPX, yosunga manambala a malo, vutoli silikukhudzani, ndipo n'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kugwiritsa ntchito chingwe ndi kompyuta kusiyana ndi zala.

Komatu fayilo nayo imakalamba. Mwini cache amatha kuisuntha, kuiimitsa kaye kapena kuichotseratu, inu mukuyendera fayilo ya chaka chatha. Tsegulani tsamba la cache tsiku lomwe mukunyamuka. Onaninso mtundu wake. Ndi Traditional imene bokosi limakhala pa manambala olembedwa pamwamba aja. Pa Multi-cache manambalawo ndi poyambira chabe. Pa Mystery, ija ya chizindikiro cha funso, manambalawo nthawi zambiri si enieni, bokosi likhoza kukhala paliponse mkati mwa makilomita 3.2 ndipo muyenera kumasula kaye mwambi wake. EarthCache ndi Virtual zilibe bokosi n'komwe.

China chaching'ono: ngati GPS yanu ili ndi mapu a misewu, zimitsani Lock On Road ndipo muisiye pa Direct Routing. Mukapanda kutero izingokukokerani ku msewu wapafupi pamene cache ili kutsidya kwa mtsinje.

Muvi ukamangozungulira

Manambala ali bwino, mwafika pafupi, koma muvi sukukhazikika. Choyamba dziwani ngati makina anu ali ndi kampasi yeniyeni ya maginito. Monga eTrex 10 ndi eTrex 22x alibe. Iwo amadziwa kumene mwaloza poyerekeza pamene munali ndi pamene muli tsopano, ndiye mukaima kapena mukamayenda monyang'ama muvi umasowa poyambira. Pa makina otere, muvi ukhulupirireni pokhapokha mukuyenda ndithu. Ena monga eTrex 32x ali nayo kampasi, koma imafuna kuiwongola, makamaka mukangosintha mabatire. Pezani Calibrate Compass, mutsatire zimene ikukuuzani muli kutali ndi galimoto, malata ndi mawaya a magetsi. Pa foni, iyendetseni m'malere ngati mukulemba 8, ndipo chikwama chake ngati chili ndi maginito chichotseni.

Chachiwiri, ipatseni nthawi. Masatelaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo uthenga wawo umafika pansi pano uli wofooka. Makina amafuna masatelaiti anayi kuti adziwe pamene ali, koma anayi okha ndi ochepa kuti muziwadalira. GPS imene yakhala m'kabati miyezi, kapena yayenda yozimitsa kuchoka ku Johannesburg kufika ku Lilongwe, imayamba yasokonezeka. Ndandanda yonse ya kumene masatelaiti ali imatenga mphindi 12 ndi theka kuti itsike. Iyatseni muisiye pabwalo kotala la ola musanayambe kusaka. Ambiri amaiyatsa akutsika galimoto n'kuyamba kuthamangira muvi pompo.

Mitambo ndi mvula pazokha sizisokoneza kwenikweni. Zimene zimasokoneza ndi masamba onyowa a mitengo yothithikana, matanthwe, zigwembe ndi nyumba zazitali. Uthenga umagunda thanthwe n'kunjanja, n'kufika pa makina mochedwa, ndipo makinawo amawerengera ngati muli patali kuposa pamene muli. M'munsi mwa matanthwe a phiri la Mulanje kapena m'nkhalango ya pa phiri la Zomba musadabwe kuona mamita 15 kapena 20. Nambala ya Accuracy imene GPS imaonetsa nayonso ndi yongoyerekeza, makina akudziyesa okha, ndiye ikamati mamita 4 pansi pa thanthwe musaikhulupirire kwambiri.

Pali zingapo zothandiza. Ngati makina anu amalola, yatsani GLONASS kapena Galileo, magulu ena a masatelaiti, kuti masatelaiti ooneka achuluke. Pa njira zochepetsera kuphonya, WAAS inapangidwira North America ndipo EGNOS inapangidwira Europe, choncho ku Britain yatsani, koma ku Malawi kuno musayembekezerepo phindu. Zimitsani Battery Save pamene mukusaka. Uzani makina mtundu wa mabatire amene mwaikamo, ndipo mabatire otchipa a mu tochi aja asiyeni, sachedwa kutha. Gwirani GPS motalikirana ndi chifuwa chifukwa thupi lanu nalo limatchinga. Makina atsopano olandira mauthenga pa njira ziwiri, L1 ndi L5, monga GPSMAP 65 ndi 67, amachita bwino m'mitengo, koma musathamangire kugula poganiza kuti vutoli litha. Manambala a wobisa uja akhalabe momwe analili.

Njira imene ine ndimaidalira ndi iyi. Chokani pamalopo, mubwerere mamita 30 kufikira pamene kumwamba kukuoneka bwino. Yendani molunjika kulowera ku cache, muone kumene muvi ukuloza ndi mtunda wotsala, ndipo musankhe ndi maso mtengo kapena mwala umene uli pamzerewo. Kenako zungulirani mukayambire mbali ina, muchitenso chimodzimodzi. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene muyambire kufufuza. Zikakanikabe, kachiteni zina mubwerenso pakapita ola limodzi kapena awiri. Satelaiti iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku, ndiye mmene zayalirana kumwamba m'mawa si mmene ziyalirane masana.

Mamita khumi otsiriza

Apa GPS ilowe m'thumba. Ndikudziwa kuti n'kovuta kuisiya, koma munthu amene maso ake ali pa galasi la makina amadutsa bokosi kangapo osaliona.

Werengani kukula kwa cache. Micro ndi yosakwana mamililita 100, Small imafika lita imodzi, Regular imafika malita 20, Large ndi yoposa pamenepo. Palinso timene amati nano, tating'ono ngati nsonga ya chala, nthawi zambiri ta maginito, tomatidwa kuseri kwa chikwangwani kapena kunsi kwa benchi yachitsulo. Ngati mukufunafuna kontena ya pulasitiki pamene chobisidwacho ndi nano, mutha kuchigwira ndi dzanja n'kuchiyesa bawuti. Onaninso nyenyezi za Difficulty (kuvuta kwa kuipeza) ndi Terrain (kuvuta kwa malowo), zimene zimayambira 1 kufika 5. Terrain ikakhala 4 koma inu mwaima pamalo osalala, yang'anani m'mwamba, mwina ili mumtengo kapena pathanthwe. Difficulty ikakhala 4, mwini wake anafuna kuti muvutike, ndiye theka la ola si kanthu.

Tsegulani hint, mawu okuunikirani amene mwini cache analemba pa tsamba, palibe manyazi. Werengani zimene analemba anthu asanu kapena khumi amene anabwera inu musanabwere. Mmenemo mumapezeka mawu ngati akuti manambala akuphonya mamita 12 kumpoto, kapena akuti anaipeza atagwada. Mukatero dzifunseni kuti mukanakhala inu, ndi chinthu cha msinkhu umenewo m'manja, mukanachiika pati kuti mvula isachipeze ndiponso ana asachione. Chilengedwe sichiyala timitengo mondondozana kapena kuunjika miyala itatu pakamwa pa mphako. Mukaona zotero, pafikapo dzanja la munthu.

Malamulo a masewerawa amakuthandizaninso kuchotsa malo ena. Cache siikwiriridwa pansi, choncho khasu lisiyeni kunyumba. Simuyenera kugumula mpanda, kumasula zitsulo za magetsi kapena kuthyola nthambi. Mukaona kuti kufufuza kwanu kwayamba kuwononga, dziwani kuti mukufufuza polakwika.

Kwathu kuno, ndodo izitsogola dzanja lisanalowe m'mphako kapena pansi pa mwala. Malo amene cache imakonda ndi omwenso njoka, zinkhanira ndi mavu zimakonda. Ganiziraninso nyengo. Cache yobisidwa mu October tchire litapsa imaoneka mosavuta, koma mu February ili pansi pa udzu wofika m'khosi. Moto wa osaka mbewa umasungunula pulasitiki, madzi osefukira amakokolola, anyani amatsegula chilichonse chonunkhira, n'chifukwa chake chakudya ndi maswiti siziikidwa m'bokosi. Mukapeza zidutswa zopserera kapena chivindikiro chokha, jambulani.

Za anthu odutsa, amene osewera amawatcha ma muggle, malangizo a kunja amati muzichita mozemba kuti asakuoneni. M'tauni yaikulu zimenezo zimatheka. Kumudzi, mlendo wozungulirazungulira mtengo ndi kamakina m'manja, osapereka moni, amadziitanira mavuto, ndipo amaipitsira ena onse obwera pambuyo pake. Perekani moni, fotokozani chimene mukuchita. Muvi ukaloza kumanda, imani pomwepo, kumeneko salowa popanda chilolezo cha amfumu. Ukaloza m'munda mwa munthu kapena kumpanda wa asilikali, chimodzimodzi. Cache imodzi siyoyenera kukanganirapo ndi anthu.

Mukalephera, lembani kuti mwalephera

Apa ndi pamene ndimafuna anthu amvetse kwambiri, chifukwa vuto limene tayamba nalo lija limapitirira makamaka chifukwa cha kukhala chete. Munthu wasaka ola lathunthu, sanapeze, wabwerera kwawo osalemba kanthu poopa kuoneka wolephera. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Pa tsamba pakuonekabe kuti womaliza anaipeza, ndipo wachinayi awononga mafuta ndi tsiku lake kupita kukasaka chinthu chimene chinapsa chaka chatha. Kumene ma cache ndi ochepa ndiponso osaka amabwera patalipatali, monga kuno ku Malawi, lipoti limodzi la Didn't find it, imene timangoti DNF, ndi lamtengo wapatali. Mwini cache mwina ali kutali, ndipo maso ake ndi inuyo.

DNF yabwino imanena zimene zinachitika, siigamula. Lembani kuti munasaka nthawi yaitali bwanji, GPS imaonetsa kuphonya kwa mamita angati, malowo anali otani, ndiponso ngati munawerenga hint. Mwachitsanzo: "Ndasaka mphindi 40, GPS imati mamita 6, udzu ndi wautali ndipo mtengo umene ukugwirizana ndi hint ukuoneka kuti unadulidwa. Zikomo pondifikitsa pamalo okongolawa, ndidzabweranso." Mawu oti "yabedwa" kapena "palibe chilichonse apa" asiyeni pokhapokha muli ndi umboni. Kusapeza kwanu sikutanthauza kuti kulibe, ndipo mawu otero amafooketsa ena amene akanaipeza. Mukhoza kulemba m'Chichewa momasuka, kungowonjezera mzere umodzi wa Chingerezi ngati mwini wake ndi wakunja.

Pali malipoti ena awiri amene anthu amawasokoneza ndi DNF. Loyamba ndi Owner attention requested, limene kale linkatchedwa Needs Maintenance. Limeneli ndi la pamene mwapeza bokosi losweka, kabuku konyowa kapena kodzaza, kapena pamene ma DNF achulukana pa cache imene kale inkapezeka mosavuta. Lachiwiri ndi Reviewer attention requested, kale Needs Archived, ndipo ndi lolemera. Limapita kwa oyang'anira, amene ndi anthu ongodzipereka, ndipo ndi la nkhani zikuluzikulu: mwini malo sakufuna, malowo asanduka oopsa, kapena mwini cache wakhala miyezi osayankha madandaulo. Kulitumiza chifukwa choti inu simunapeze tsiku limodzi ndi kumulakwira mnzanu amene anataya nthawi yake kukubisirani.

Zinthu ziwiri musachite ngakhale mutatopa bwanji. Musalembe Found it musanasaine m'kabuku, ngakhale mutatsimikiza kuti munafika pamalo enieni. Ndipo musasiye kabotolo kanu pamenepo n'kunena kuti mwabwezeretsa cache, chimene osewera amati throwdown. Zimaoneka ngati chifundo, koma mapeto ake pamakhala mabokosi awiri pamalo amodzi, kapena botolo lopanda mwini limene libise vuto lenileni kwa chaka china. Ngati mukufuna kuthandiza, mufunseni kaye mwini wake.

Pofunsa thandizo, mulembereni mwini cache uthenga wapadera, mutchule nambala yake yoyamba ndi GC, munene pamene munafufuza, ndipo mupemphe kuti akuunikireni pang'ono. Akachedwa kuyankha musamutukwane pagulu, nayenso ali ndi ntchito ndi banja. Mukaipeza pamalo otalikirana ndi manambala, tinene mamita 15 kapena kuposa, lembani manambala anuwo mu lipoti kuti athandize ena, koma pa Traditional pokha. Pa Mystery ndi Multi-cache kuulula malo otsiriza ndi kuwononga ntchito yonse ya mwini wake. Zithunzi nazo zisaonetse pobisalira penipeni, ndipo ngati mwapezamo Travel Bug kapena geocoin, tinthu toyenda kuchoka mu cache ina kupita mu ina, nambala yake yachinsinsi isaoneke pa chithunzi.

Inunso amene mumabisa, mbali ina ya vutoli ili m'manja mwanu. Musatenge manambala kamodzi n'kuthamanga. Gwiritsani ntchito Waypoint Averaging, imene imayesa malo kambirimbiri n'kutenga manambala a pakati, mubwerenso nthawi ina ya tsiku kapena tsiku lina mukayesenso, kenako muchoke patali n'kuona ngati manambalawo akukubwezerani pamalopo. Pamene GPS imavutika, hint ikhale yomveka. Anthu angapo akanena kuti manambala akuphonya, akonzeni, tsamba limakulolani kusuntha mpaka mamita 161 panokha. DNF ya munthu musaifufute, muthokozeni ndipo mukayendere bokosi lanu.

Mukalemba DNF, ikani cache imeneyo pa Watch kuti muzilandira uthenga wina akalembapo. Akaipeza, mudziwa kuti ilipo ndipo muwerenga mmene anaipezera. Tsiku limene mudzaipeze inuyo, lembani lipoti latsopano la Found it, DNF yakale ija muisiye momwemo ndi deti lake.